Pampu ya madzi a mvula si ya zakuchimbudzi

Achimwene, mwafunsa ngati pampu yomwe mwagula yochotsa madzi a mvula m'chipinda chanu chapansi ingathe kukokanso zakuchimbudzi. Ayi, musayerekeze. Pampu yanuyo, yotchedwa ya sump, imene imakhala m'dzenje losonkhanamo madzi pansi pa chipindacho, anaipangira madzi okhaokha, ngakhale amatope pang'ono. Ikangomeza kansanza kapena pepala imatsamwa, mota n'kupsa. Ya suweji njira yake n'njotakata, zambiri zimadutsitsa zinthu zokula mpaka mamilimita 50, ndipo zina zili ndi timipeni toduladula.

Chimene ine ndimaumirira kwambiri ndi valavu yoletsa madzi kubwerera. Anthu amaipeputsa poti ndi kachinthu kakang'ono, koma popanda iyo pampu ikazima madzi onse a m'paipi amatsikiranso m'dzenje, iyo n'kuyakanso. Imatha kuchezera choncho usiku wonse mpaka kutheratu. Kachoyandama kamene kamayatsa pampu madzi akakwera, onetsetsani kuti sikakukodwa pakhoma la dzenjelo.

Kwathu kuno mvula yamkuntho ya mu Januwale ndi Febuluwale imakonda kuzimitsa magetsi, ndiye sungani batire kapena jenereta pafupi. Mu Okutobala, mvula isanayambe, thirani ndowa zingapo m'dzenjemo muone ngati pampuyo ikudzuka yokha.