Kwa asisi ofuna kugula kalavani ku Skegness: yambani mwaona chiphaso cha malowo

Asisi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti lendi ya fulati yakukwanani, mwaona kalavani ya zipinda ziwiri zogona ikugulitsidwa pa Facebook cha ku Skegness pa £18,000, ndiye mukufunsa ngati mungagule n'kumakhalamo ndi ana anu awiri, komanso ngati mwini malo sangadzakuthamangitseni. Ndaona ambiri akuti gulani msanga, chako n'chako. Ine ndikuti dekhani kaye. Ndakhala m'nyumba yamtunduwu zaka 6 kuno ku England, ndipo ndisanapeze pamene ndikukhala pano ndinatsala pang'ono kuponya m'madzi ndalama zonse za chipereganyu.

Chomwe mukugula ndi nyumba yokha. Dothi lomwe yakhalapo ndi la wina, ndipo mudzalilipira mpaka tsiku lochoka. Ndiye ufulu wanu wonse wagona pa pepala limodzi: chiphaso chomwe khonsolo inapereka kwa mwini malowo. Malo ena ali ndi chiphaso cha residential, kutanthauza kuti munthu angakhalepo ngati pakhomo pake chaka chonse. Ena ali ndi cha holiday, ongokapumulirako basi. Ukayang'ana ndi maso sungasiyanitse, makalavani ake ndi okongola mofanana, maluwa ali pakhonde, kapinga wometedwa bwino. Koma pamaso pa lamulo ndi zinthu ziwiri zotalikirana. Lamulo la Mobile Homes Act la 1983, lomwe limateteza anthu okhala m'nyumba zimenezi, limagwira ntchito pa malo a residential okha. Pa malo a holiday chokutetezani ndi kontirakiti yomwe mwasainayo, ndipo analemba kontirakitiyo ndi mwini malo.

Dera la Skegness ndi la m'mbali mwa nyanja, ladzaza ndi makalavani a anthu opita kutchuthi. Pa mtengo mwatchulawo, ndingadabwe kwambiri ikakhala ya residential.

Ndikuuzeni zanga. Malo oyamba omwe ndinapita kukaona, wogulitsa anali wokoma pakamwa, tiyi anandipangira, n'kundiuza kuti aliyense pamenepo amakhala chaka chonse, a khonsolo sabwera. Nditatuluka ndinapeza mayi wina wachikulire akuyanika zovala kuseri kwa kalavani yake. Ndinangomufunsa kuti nthawi yozizira kumakhala bwanji. Anandiyang'ana kaye, kenako n'kunena kuti Januwale akafika geti amalitseka ndi loko, madzi amatseka, iye amanyamula chikwama n'kukagona pa sofa kwa mwana wake mpaka adzatsegulenso. Chaka chilichonse a ku ofesi amamufunsa pepala la council tax (msonkho wa nyumba wolipira ku khonsolo) la nyumba ina, losonyeza kuti ali ndi kwawo kwenikweni, ndipo amapereka adiresi ya mwana wakeyo mtima uli m'mwamba. Ndinabwerera mu ofesi muja. Chiphaso chinali pakhoma mu fulemu, chobisika ndi chitseko, ndipo mawu oti malowo ndi a holiday okha analembedwa poyera. Dipoziti ndinali nayo m'chikwama. Ndinabwerera nayo.

Ngakhale malo a holiday omwe amatsegula miyezi 12 yonse, sikuti mwaloledwa kusandutsa pakhomo. Ogulitsa amakonda kusokoneza anthu pamenepa. Khonsolo ikadziwa kapena mwini malo akangotopa nanu, muli panja, ndipo kalavani yakeyo kuichotsa pamalopo kumafuna lole yapadera ndi ndalama zambiri. Makontirakiti ambiri a holiday alinso ndi malire a zaka, zikatha amakuuzani kuti kalavani yakalamba, gulani yatsopano kapena chokani. Funsaninso za kapangidwe kake. Yomangidwa kuti anthu azikhalamo chaka chonse imatsata muyezo wa BS 3632, pomwe zambiri za tchuthi ndi za EN 1647, makoma ake opyapyala. Kuzizira kwa Lincolnshire, chigawo chomwe kuli Skegness, m'kati mwa chinthu chotero, muli ndi ana, gasi wa m'masilinda akutha ngati mukumwa, mawindo akudontha thukuta m'mawa uliwonse, chuku chikumera kuseri kwa bedi, si moyo womwe mukuuganizira.

Tsono tinene kuti mwapeza malo a residential enieni. Apa zinthu n'zabwinoko ndithu, ndipo ine sindidandaula kuti ndinagula. Mwini malo sangangodzuka n'kukuuzani kuti mwezi ukatha muchoke. Ayenera kupita kukhoti, ndipo zifukwa zake n'zitatu zokha: mwaphwanya mgwirizano ndipo atakuchenjezani polemba simunakonze, nyumbayo sikulinso komwe mumakhala kwenikweni, kapena yawonongeka mpaka ikunyansitsa malo. Pamwamba pa izo khoti liyenera kuona kuti kukuchotsani n'koyenera. Kukuopsezani, kukudulirani magetsi kapena madzi kuti mutope muchoke nokha ndi mlandu pansi pa lamulo la Caravan Sites Act la 1968. Kulowa pa poloti yanu sangalowe mwachisawawa, kupatula pobweretsa makalata ndi powerenga mita masana, kapena pakagwa zadzidzidzi. Zina zonse ayenera kukulemberani masiku 14 zisanachitike.

Chifukwa chachiwiri chija chikutikhudza ife Amalawi. Kupita kumudzi kukaona makolo mwezi umodzi kapena iwiri palibe vuto. Koma maganizo oti ndikakhale ku Lilongwe chaka chathunthu, nyumbayi ndiikemo munthu azindilipira lendi, aiwaleni. Migwirizano yambiri imaletsa kubwereketsa, ndipo mukhala mwam'patsa nokha mwini malo ndodo yokukwapulirani.

Lendi ya poloti, yomwe amati pitch fee, amaikweza kamodzi pa chaka basi, atakudziwitsani masiku 28 nthawi isanakwane, pa fomu yovomerezeka ndi boma. Kalata wamba yopanda fomuyo ilibe mphamvu. Kuyambira pa 2 July 2023 kukwera kwake kumatsata CPI, osati RPI ngati kale (zonsezi ndi miyezo ya kukwera kwa mitengo ya zinthu), ndipo zimenezi zinatipepukitsirako chifukwa RPI nthawi zambiri imakhala pamwamba. Mukakana mtengo watsopano, mumapitiriza kulipira wakale, ndipo mwini malo ndi amene amakadandaula ku bwalo loweruza nkhani zoterezi lotchedwa First-tier Tribunal. Langizo langa: ndalama yosiyanayo muziisunga pambali mwezi ndi mwezi, chifukwa akakapambana mudzalipira kuchokera tsiku lomwe mtengowo unayenera kuyamba. Ndipo musayerekeze kusiya kulipira lendi yonse chifukwa chokwiya, kumeneko ndiye kuphwanya mgwirizano. Magetsi, ngati mukugula kudzera kwa mwini malo, malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi, samulola kukugulitsani modula kuposa momwe wagulira iye. Gasi wa m'masilinda lamuloli silimukhudza.

Chomwe chimandiwawa ine mpaka lero ndi ichi: tsiku lomwe mudzagulitse nyumbayo, mwini malo amatenga mpaka 10 peresenti ya mtengo wake. Mwapenta nokha, mwakonza denga nokha, iye n'kudzangotambasula dzanja. Anthu akhala akudandaula kwa zaka zambiri koma lamulo likadali choncho. Chabwino chake n'chakuti kuyambira 2013 simufunikanso chilolezo chake kuti mugulitse, zomwe kale eni malo ena ankagwiritsa ntchito pothamangitsa ogula kuti nyumbayo adzaigule okha motchipa. Mukapereka nyumbayo kwa m'bale wanu ngati mphatso, palibe 10 peresenti. Dziwaninso kuti mabanki sapereka mortgage wamba (ngongole yogulira nyumba) pa nyumba zimenezi poti dothi si lanu, ndiye ambiri amagula ndi ndalama zapamanja kapena ngongole ya chiwongoladzanja chokwera.

Koma asisi, chomwe chingathetse nkhani yonseyi kwa inu ndi ana. Malo ambiri a residential ali ndi lamulo la zaka, ena amafuna 50 kupita m'tsogolo, ena 55, ndipo ana amaloledwa kudzacheza kokha. Kuno kwathu zidzukulu zimabwera Loweruka, Lamulungu madzulo zapita. Malo olola mabanja alipo koma ndi ochepa, muyenera kuwasaka. Malamulo a pamalopo, okhudza zaka, agalu, malo oimika galimoto ndi zina, mwini malo amayenera kukawasiya ku khonsolo, ndiye mungathe kuwaona musanalankhule n'komwe ndi wogulitsa.

Wina mu makomenti wati bwanji osangochita lendi kalavani m'malo mogula. Zimatheka, koma lamulo la 1983 lija ndi la eni nyumba, wochita lendi silimuphimba. Pa malo a residential wochita lendi ayenera kupatsidwa notisi ya masabata osachepera 4, ndipo sangatulutsidwe popanda chilolezo cha khoti. Pa malo a holiday ngakhale zimenezo musadalire. Zonse ndanenazi ndi za England, ku Wales ndi ku Scotland ali ndi malamulo awo osiyanako.

Musanatumize ngakhale £100 ya dipoziti, funsani wogulitsayo dzina la malowo, kenako imbirani khonsolo ya deralo, kwa Skegness ndi East Lindsey. Funsani ofesi yopereka ziphaso ngati malowo ndi a residential kapena holiday, komanso ngati chilolezo chake chili ndi tsiku lothera. Pa malo okhala ndi zigawo zonse ziwiri, funsani za poloti yeniyeniyo yomwe kalavaniyo yaimapo. Pemphani mgwirizano wolembedwa muuwerenge muli kunyumba, osati mu ofesi wogulitsa atakuimirirani ndi cholembera. Bungwe la LEASE limapereka uphungu waulere pa nyumba zimenezi, mabungwe a Citizens Advice ndi Shelter nawonso amathandiza. Ndipo mukapita kukaona, pitani tsiku la mvula, mugwade muyang'ane zitsulo zapansi ngati zadyedwa ndi dzimbiri, poti mphepo ya mchere ya kunyanja imazidya msanga. Mukatero mulekane naye wogulitsayo, muzungulire kuseri, mufunse amene mum'peze akuyanika zovala kuti Januwale amagona kuti.