Masabata 6 ku Besançon: hositelo kapena kwa banja?

Mchemwali wina wa pa yunivesite wandilembera imelo. Wapeza mwayi wokaphunzira Chifalansa ku Besançon, kum'mawa kwa France, kwa masabata 6 kuyambira kumapeto kwa Juni. Chifalansa chake ndi cha ku sekondale, ndipo akuti zambiri zinauluka atangolemba MSCE. Amuuza kuti asankhe pogona, kuhositelo ya ophunzira kapena kwa banja la komweko. Akufunsanso ngati nthawi yochepa chonchi ingamupindulire.

Mchemwali, sankhani banja, ndipo musachite kuganiza kawiri.

Besançon ili ndi sukulu yodziwika ya zilankhulo, CLA, yomwe inayamba mu 1958 ndipo ili pansi pa yunivesite ya mumzindawo. M'miyezi yotentha kumadzaza ophunzira ochokera m'mayiko ambirimbiri. Anthu amenewa akakumana kukhitchini ya hositelo madzulo, mitu itatopa, amathawira ku chilankhulo chomwe onse akuchimva, Chingerezi. Inuyo Chingerezi mumachitha, ndiye msampha wake uli pamenepo. Mudzapeza anzanu abwino, mudzaseka, koma mudzabwerako ndi Chifalansa cha mkalasi chokha.

Kwa banja kulibe kothawira. Afalansa amadya cha m'ma 8 koloko usiku ndipo sachoka msanga patebulo. Ndiwo zikatha pamabwera tchizi, kumeneko kawirikawiri ndi Comté wa m'dera lomwelo, buledi atangoikidwa pansalu ya tebulo popanda mbale, mafunso nkuyamba. Malawi ali kuti? Kwanu mumadya chiyani? Mudzafotokoza kaphikidwe ka nsima ndi timawu tochepa tomwe muli nato, manja akuthandizira, mayi a pakhomopo akukupatsani liwu lomwe lasowa. Sabata yoyamba mutu udzawawa, ndipo mwina mudzalakalaka kungodzitsekera kuchipinda ndi foni. Limbani mtima, khalani patebulopo mpaka mbale zichotsedwe, muthandize kutsuka. Khutu limatsegukira pamenepo. Ngati pali ana aang'ono ndiye mwapata, chifukwa mwana amakukonza mosaopa.

Pa funso lachiwirilo ndikuuzeni zoona: masabata 6 sangakusandutseni katswiri. Chifalansa amachiyesa pa masitepe 6, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo poyamba mudzalemba mayeso oti adziwe kalasi yokuyenerani. Musawawerengere usiku wonse mayesowo kuti mulowe kalasi yapamwamba. Kukhala mkalasi yomwe aliyense akuyankha inu muli duu kumapha mtima, ndipo mukaona kuti akuikani polakwika, kauzeni aphunzitsi sabata yoyamba yomweyo. Mukalimbikira mungathe kukwera sitepe imodzi, ndipo zimenezo si zochepa. Ngati mukufuna pepala losonyeza, funsani za DELF, mayeso a Chifalansa ovomerezeka ndi boma la France, satifiketi yake siitha ntchito.

Mumsewu kumbukirani moni. Mukalowa mogulitsa buledi, yambani ndi "Bonjour, madame" musanaloze chilichonse. Monga kwathu kuno, wofunsa njira asanapereke moni amaoneka wamwano. Akuluakulu ndi alendo muziwatchula "vous", liwu laulemu lofanana ndi "inu", mpaka iwo eni atakuuzani kuti musinthe. Ena akamva mukudodoma amasinthira ku Chingerezi pofuna kukuthandizani. Athokozeni, koma inu pitirizani m'Chifalansa, ambiri amabwerera.

Chomwe chimagwetsa anthu pakauntala ndi manambala. Afalansa amati 80 ndi 4 kuchulukitsa 20, ndipo 97 ndi 4 kuchulukitsa 20, kuwonjeza 10 ndi 7, wogulitsa nkuzitchula mwaliwiro mzere uli kumbuyo kwanu. Yambani lero kuwerenga mokweza mitengo ndi manambala a foni.

Musadikire ndege kuti muyambe. Wailesi ya ku France ya RFI ili ndi nkhani za tsiku ndi tsiku zotchedwa Journal en français facile, za mphindi 10, ndipo mawu ake amalembedwanso pa intaneti kuti muzitsatira. Ngati muli ku Lilongwe, abale athu ochokera ku Congo ndi Burundi alipo ambiri, ena a iwo Chifalansa anaphunzira nacho sukulu. Apatseni moni m'chilankhulocho, manyazi ayambe kuthera konkuno.

Za ulendo ndingodutsamo. Maphunziro osapitirira masiku 90 amalowa pa viza ya nthawi yochepa ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo France, ndipo imafuna inshulansi ya kuchipatala ndi kalata ya sukulu, choncho yambani msanga. Muchoka kuno kukuzizira koma mukafika kotentha, dzuwa likulowa 9 koloko itadutsa, ndipo nyumba zambiri zilibe makina oziziritsa, ndiye majuzi musadzaze chikwama. Lamlungu masitolo ambiri amatseka, ndipo pa 14 Julayi ndi tchuthi cha dziko lonse. Mukamalemba fomu ya banja, nenani zomwe simudya, ndipo pemphani dongosolo lomwe chakudya chamadzulo mumadyera nawo limodzi, osati chipinda chokha.