Mwana akufuna ntchito yaukazembe yoona za malonda a zipolopolo: ayambire pati?

Mayi wina wa ku Turffontein, ku Johannesburg, wafunsa za mwana wake wamkazi wa Grade 11, yemwe ali ndi pasipoti ya Malawi. Mtsikanayu akufuna kudzakhala m'gulu la anthu amene amayankha boma lakunja likapempha kugula zipolopolo.

Mayi, tiyambire pa pasipotiyo. Ntchito zotere ku DIRCO, unduna wa South Africa woona za ubale ndi mayiko akunja ku Pretoria, amalemba nzika za South Africa, ndipo amayamba afufuza mbiri ya munthu. Akakhalabe Mmalawi, khomo lake ndi unduna woona za ubale ndi mayiko akunja ku Capital Hill, kapena mabungwe ofufuza ngati Institute for Security Studies. Mukambirane zimenezi panopa, fizi isanayambe kutuluka m'thumba.

Mwanayo adziwenso kuti kazembe sagulitsa chipolopolo ngakhale chimodzi. Kampani ngati Rheinmetall Denel Munition, yopanga zipolopolo, yomwe ili ndi fakitale ku Boksburg, imapempha chilolezo ku NCACC, komiti ya nduna yoyang'anira malonda a zida motsatira lamulo la 2002. Boma logula limasaina end-user certificate, kulonjeza kuti silidzapereka katunduyo kwa wina. Mu 2019 Saudi Arabia ndi United Arab Emirates anakana ndime yolola kuti a South Africa azikayendera zida zomwe agulitsa, katundu nkuima. Ndime imodzi yokha! Ukazembe uli pamenepo: kuuza bwenzi kuti "dikirani" kapena "ayi", ubale osasokonekera. Zikapanda kuyenda mwadongosolo, dziko lonse limalowa m'madzi. Sitima ya ku Russia, Lady R, itakocheza padoko la asilikali la South Africa ku Simon's Town mu 2022, kazembe wa America Reuben Brigety ananena poyera kuti inapakira zida. Gulu lofufuza lotsogozedwa ndi jaji wopuma Phineas Mojapelo silinapeze umboni, koma randi inali itagwa kale.

Pa maphunziro, ine ndimakondera zamalamulo. International Relations ku yunivesite ya Wits kapena ya Johannesburg (UJ) ndi yabwino, koma yokha imasiya ambiri akuyendayenda ndi envulopu ya CV. Aiphatikize ndi LLB, digiri ya zamalamulo, chifukwa ntchitoyi ndi yowerenga zikalata ndi kulemba makalata oti liwu lililonse lidzafunsidwa. Alimbikire Chingerezi ndi History, ayambenso Chifalansa kapena Chipwitikizi.

Holide ikubwerayi atsitse pa intaneti Arms Trade Treaty, pangano la mayiko pa malonda a zida lomwe linayamba kugwira ntchito mu December 2014, awerenge ndime 6 ndi 7, kenako akufotokozereni m'Chichewa nthawi yomwe boma liyenera kukana kugulitsa. Akatopa nazo asanamalize, mundilemberenso, tione njira ina.