Funsani Amakanika: tizitsulo mu oyilo wa difu

FUNSO: Amakanika, ndili ndi Hilux yakale yomwe ndimanyamulira mbatata kuchoka ku Chipata kubweretsa pa msika wa Soweto ku Lusaka. Anyamata pa garaja atatsitsa oyilo wa difu ya kumbuyo, pa pulagi panali zakuda zomata komanso tizitsulo tonyezimira. Wina akuti difu yatha gulani ina, wina akuti ingothirani oyilo wokhuthala 140 basi. Ndimvere ndani? Dalaivala wa ku Kanyama.

YANKHO: Achimwene musathamangire kutaya ndalama pa difu, bokosi la magiya lija lopereka mphamvu ku mawilo, yambani mwaona kaye tizitsuloto. Pulagi ya pansi ija ili ndi maginito ndipo ntchito yake ndi yomweyo, kukoka tinyenyeswa. Tengani zomatazo muzifikise ndi zala, zikakhala zosalala ndiye kuperepeseka kwa masiku onse kwa mano a magiya, difu iliyonse imatero. Koma zikamakubayani, tizidutswa toti mutha kutola ndi chikhadabo, apo nde pavuta, mwina bearing ikudyeka kapena dzino la crown wheel kaya pinion, magiya aakulu a m'difumo, layamba kubenthuka. Oyilo wotsikayo muziika mu beseni loyera mumuone padzuwa, musalole anyamata angomutayira pansi.

Khutu nalonso ligwire ntchito. Difu ikamalira mluzu mukaponda mafuta kapena mukangochotsa phazi pa Great East Road, mutsegulitse msanga isanakugwirireni pa mapiri a ku Luangwa uko muli ndi katundu.

Poti mwati Kanyama, funso langa ndi lakuti oyiloyo anali wa mtundu wanji? Akaoneka ngati tiyi wa mkaka ndiye kuti munalowa madzi, nthawi ya mvula mukadutsa m'zithaphwi zija difu ili yotentha imayamwa madzi kudzera pa breather, kabowo kopumira difu, ndipo madzi ndi amene amapha ma bearing. Za fungo loipa ngati mazira owola musadandaule, ndi sulphur amene amaikidwa dala mu oyilo wa magiya.

Tsono wa 140 uja akungofuna kubisa phokoso, oyilo wokhuthala sabwezeretsa dzino lothyoka. Chachikulu pa botolo ndi chizindikiro cha mtundu wa oyilo, GL-5, ndiye woyenera difu, GL-4 ndi wa gearbox zambiri za manual. Magalimoto akale ambiri amayenda bwino ndi 80W-90, 85W-140 ndi wa katundu wolemera kwambiri, koma buku la galimoto yanu ndilo liziweruza. Ngati difu ili LSD (limited slip, yoletsa wilo limodzi kuzungulira lokha poterera) gulani wolembedwa LS, apo ayi izigwedeza pokhota. Wa m'zigubu zopanda chidindo wogulitsa m'mbali mwa msewu, ine ayi ndithu.

Pothira tsegulani kaye pulagi ya pamwamba musanatsitse wakale, galimoto iime pamalo osapendekeka, thirani mpaka ayambe kutuluka pa bowo lomwelo. Muyende maulendo angapo a ku Chipata kenako mutsegulenso pulagi, mukapezanso tizidutswa tobaya ndiye difuyo itsike.