Kusiyanitsa Marilyn weniweni wa Warhol ndi posita

Mwafunsa mmene mungadziwire ngati chithunzi cha Marilyn Monroe, katswiri wa mafilimu wa ku America, chimene mukufuna kugula ndi chenicheni cha Andy Warhol, wojambula wotchuka wa komweko. Yambani ndi galasi lokulitsa ka 10. Chenichenicho ndi screenprint, kutanthauza chosindikizidwa podutsitsa inki pa nsalu ya timabowo ting'onoting'ono, ndipo inkiyo imakhala yokhuthala, mtundu uliwonse utasanjikizidwa pa unzake. Mukaona timadontho ting'onoting'ono ta mitundu inayi, imeneyo ndi posita chabe.

Kenako tembenuzani pepalalo. Zithunzi za Marilyn zimene Warhol anatulutsa mu 1967 zinali 10, chilichonse makope 250, kukula kwake pafupifupi masentimita 91 mbali zonse, ndipo siginecha ndi nambala zili kumbuyo. Chidindo cha osindikiza otchedwa Sunday B. Morning chikusonyeza kuti anachisindikiza ena pambuyo pake, mtengo wake ndi wotsika kwambiri.

Chikakhala mu fulemu, wogulitsayo achitulutse muone kumbuyoko, akakana, musagule. Onaninso ngati mitundu yasuluka ndi dzuwa, chifukwa ikatero sibwereranso.