Vinyo wa ku Italy: wa pakati pa sabata, wa alendo ndi wa tsiku lalikulu

Mayi ena amene amakhala ku Manchester anditumizira imelo. Akuti iwo ndi bambo akunyumba anazolowera vinyo wotsekemera wa ku South Africa, koma tsopano akufuna kulawa wa ku Italy, ndipo akaima pa shelefu m'shopu mutu umawazungulira ndi mayina. Apempha kuti ndiwasankhire mabotolo atatu: lotchipa la pakati pa sabata, lina loika patebulo kukabwera alendo, ndi lodula la tsiku lokumbukira ukwati wawo.

Mayi, ndiyambe ndi kukuchenjezani, kuopa mungadzandida. Vinyo wambiri wa ku Italy si wotsekemera. Ndi wowawasira, ndipo anapangidwa kuti azitsagana ndi chakudya. Mukamulawa pamimba popanda kanthu mudzati akunamizani. Koma yesani kumwa vinyo yemweyo mukudya nkhuku yophika ndi tomato ndi anyezi wambiri, mudzamva kuti kuwawasa kuja kukutsuka mafuta m'kamwa, ndipo mbamu iliyonse ikukoma ngati yoyamba. Chilichonse chimene nditchule pansipa, muchiyese ndi mbale patsogolo.

Pa ndalama zosapitirira mapaundi 10, pitani kum'mwera kwa dzikolo, kumene dzuwa limawomba kwambiri ndipo mphesa zimapsa bwino. Poti pakamwa panu panazolowera zotsekemera, yambani ndi Primitivo wa ku Puglia. Ndi wofewa, wonunkhira zipatso zakupsa, ndipo mphesa yake ndi yomweyo imene ku California amaitcha Zinfandel. Akakusangalatsani, sunthirani kwa Nero d'Avola wa ku Sicily kapena Montepulciano d'Abruzzo, yemwe ine ndimamukonda kuposa onse otchipa chifukwa sasankha ndiwo. Apa pali kamsampha: Vino Nobile di Montepulciano ndi vinyo wina, wodulirapo, wochokera ku tauni ya ku Tuscany, ndipo mphesa yake ndi Sangiovese. Werengani botolo mpaka kumapeto. Mukaphika nsomba, tengani woyera wotchedwa Verdicchio wa ku Marche, kapena Soave wa kufupi ndi Verona. Pinot Grigio wotchipitsitsa ine ndimamulambalala. Nthawi zambiri sakoma, saipa, amangodutsa.

Ndipo ngati tsiku lina mwalakalaka chotsekemera, musachite manyazi. Moscato d'Asti ali ndi kathovu pang'ono, mphamvu yake ndi pafupifupi 5 peresenti basi, ndipo eniake ku Piedmont amamumwa ndi keke mosadzikayikira.

Tsono tifike pakati, kuyambira mapaundi 12 mpaka 25, pamene ine ndimaona kuti ndalama imabwerera mwini wake. Dzina loti muligwire ndi Chianti Classico, osati Chianti chabe. Muzindikira ndi chithunzi cha tambala wakuda pa botolo, kawirikawiri cha pakhosi. Amachokera m'mapiri a pakati pa Florence ndi Siena, dera limene Cosimo III de' Medici, wolamulira wa Tuscany, analidulira malire mu 1716, ndipo lamulo limati mphesa za Sangiovese zisachepere 80 peresenti. Amanunkhira matcheri ndi masamba ouma, ndipo ndi nyama yowotcha sapikisana naye. Barbera d'Asti kapena d'Alba naye ndi wa alendo: sauma m'kamwa, choncho ngakhale amene samwa vinyo kawirikawiri amamulandira.

Koma chinsinsi chenicheni ndi ichi. Alimi amene amapanga vinyo wodula kwambiri amapanganso wachiwiri, kuchokera ku mphesa zamtundu womwewo, m'dera lomwelo, ndi manja omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti mipesa imakhala yaing'onopo kapena vinyoyo sakhalitsa mu mgolo. Wopanga Barolo amakhala ndi Langhe Nebbiolo. Wopanga Brunello di Montalcino amakhala ndi Rosso di Montalcino. Ku Valpolicella kuli Ripasso, yemwe amamuthira pa makoko a mphesa otsala popanga Amarone kuti awirenso n'kutengako mphamvu ndi fungo. Kawirikawiri mtengo umakhala theka kapena kucheperapo, komanso mungatsegule usiku womwewo osadikira zaka. Mukapeza Langhe Nebbiolo wa Produttori del Barbaresco, bungwe la alimi ang'onoang'ono limene linayamba mu 1958, musamusiye pa shelefu.

Za zilembo zimene mudzaziona pa mabotolo, DOC ndi DOCG, musazipembedze. Dongosolo la DOC linakhazikitsidwa mu 1963, ndipo DOCG ndi gawo la pamwamba, limene Barolo, Barbaresco ndi Brunello analowamo mu 1980. Zimakutsimikizirani kumene vinyo wachokera ndi malamulo amene watsatira, osati kuti wopangayo ndi katswiri. Sassicaia ndi Tignanello, amene lero mtengo wake ndi woopsa, anayamba kugulitsidwa ngati vinyo wamba wa patebulo chifukwa eniake anakana kutsata malamulo a nthawiyo.

Pa botolo la tsiku lalikulu konzekerani mapaundi 35 kupita m'mwamba. Ambiri akuuzani kuti Barolo. N'zoona, ndi vinyo wapamwamba: wa mphesa za Nebbiolo zokhazokha, ndipo saloledwa kugulitsidwa asanasungidwe miyezi 38, mwa imeneyo 18 ali mu mgolo wamatabwa. Mu tambula amaoneka wotuwa, wopepuka, fungo la maluwa a rozi, koma mukangomeza m'kamwa monse mumauma gwa, monga mumamvera mukamwa tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'thipoti. Akakhala wamng'ono ndiye kuumako kumanyanya. Amafuna zaka 8 kapena 10 kuti afewe. Brunello naye amachedwa kutuluka: wa mphesa zokolola mu 2019 anayamba kugulitsidwa mu Januwale 2024. Onsewa ndimawakonda, koma kwa inu pakali pano ayi. Kuwononga ndalama zotere pa chinthu choti bambo akalawa akwinye nkhope, si nzeru.

Inu gulani Amarone della Valpolicella. Mphesa zake, makamaka za mtundu wa Corvina, akakolola amaziyanika m'nyumba zopita mphepo kwa miyezi itatu kapena inayi mpaka zifote, kenaka n'kuzifinya. Madzi amakhala atachepa, shuga atachuluka, ndiye vinyo amatuluka wolemera, wakuda bii, wonunkhira zipatso zouma ndi chokoleti. Shugayo pafupifupi yense amasanduka mowa, choncho si wotsekemera kwenikweni, koma lilime limamumva ngati wotero. Mphamvu yake imafika 15 kapena 16 peresenti, ndiye pasakhale woyendetsa galimoto usiku umenewo. Masi, Allegrini ndi Tommasi ndi mayina odalirika a opanga Amarone amene savuta kupeza ku Britain.

Mukagula, botololo muligoneke pamalo pozizira ndi pamdima, osati pamwamba pa firiji kapena pafupi ndi hita. Pa tsikulo mutsegule ola limodzi chakudya chisanapse, ndipo ndiwo yake ikhale ng'ombe yophika pang'onopang'ono mpaka yoti n'kudula ndi supuni. Ngati mukukayika kutaya ndalama zonsezo pa vinyo amene simunamulawepo, yambani mwagula Ripasso sabata ino. Akakukomerani, Amarone sadzakukhumudwitsani.