Ndodo Yachinayi mu Land Rover Yanga

Funso: Ndinagula Land Rover Series III kwa mlimi wina ku Katete. Kupatula ndodo ya magiya, ya mutu wofiira ndi ya mutu wachikasu, muli inanso yachinayi. Mnzanga akuti ndi ya overdrive, giya yowonjezera yochepetsa kuzungulira kwa injini pa liwiro lomwelo. Nditsimikiza bwanji? — Wowerenga, Chipata

Yankho: Achimwene, tengani tochi mulowe kunsi kwa galimoto. Yang'anani kumbuyo kwa transfer box (bokosi logawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo), pafupi ndi dramu ya handibuleki. Mukaona kabokosi ka aluminiyamu kotsekeka, kopanda shafti yotulukamo, imeneyo ndi overdrive. Kakakhala ndi shafti, ndi PTO, chipangizo chotenga mphamvu ya injini kuyendetsera makina ena. Ziwirizi zimamangidwa pamalo amodzi.

Pukutani matopewo mufune dzina. Ma overdrive ambiri amene ndagwirapo ndi a kampani ya Fairey, ndipo Fairey mudzaizindikira ndi kandodo koyezera oyilo pamwamba pake. Mtundu wina, Roverdrive, ulibe kandodoko, umamwera oyilo limodzi ndi transfer box.

Chonde, musanapite nayo ku Great East Road, yezani oyiloyo. Fairey imalowa oyilo wa magiya wa EP90 wosakwana theka la lita, ndiye ikamadontha pang'ono chabe imauma msanga. Zimandiwawa kuona yabwinobwino itapsa chifukwa cha zimenezi. Mukakhala pa giya 4, pondani klachi, mulowetse overdrive ndi ndodo yachinayiyo: injini ikatsika mawu liwiro lili lomwelo, ikugwira ntchito.